Momwe mungamangire loboti ya Gunpla yosowa osawononga kachidutswa ngakhale kamodzi

Gunpla ndi zidole za pulasitiki zodzimangira wekha za maloboti a m'makatuni a ku Japan otchedwa Gundam. Loboti ya Gunpla siifuna guluu kapena penti kuti iime, tizidutswa take timangolowana tokha. N'chifukwa chake ambiri amaitenga ngati ntchito ya madzulo amodzi, ndipo chimene chimatuluka ndi loboti ya zipsera zoyera paliponse pamene nipa yodulira tizidutswa inadutsa, nyanga ya pamphumi yothyoka, ndi zomata zokhota kapena zong'ambika. Pa kiti wamba (kiti ndi bokosi la tizidutswa ta loboti imodzi) zoterezi zimapweteka koma mumagula ina. Pa kiti ya mgwirizano, ija imene Bandai, kampani yopanga Gunpla, imapanga pamodzi ndi katswiri wojambula kapena kampani ya zovala, nthawi zambiri palibe ina yoti mugule. Ndikunena makiti monga RX-78-2 yofiira ya gulu la MG (Master Grade) imene inatuluka ndi dzina la kampani ya zovala ya Supreme mu 2021, Unicorn ya Nike SB ya chaka chomwecho, kapena G40 imene Ken Okuyama, yemwe anajambula galimoto ya Enzo Ferrari, anaipatsa maonekedwe atsopano mu 2019.

Kuno ku Blantyre vutoli limakula. Kachidutswa kakathyoka palibe shopu ku Limbe kapena ku Chichiri imene ingakupatseni kena, ndipo pepala la zomata lili limodzi lokha. Choncho lamulo limene likuyenda m'malangizo onsewa ndi ili: chilichonse chimene simungachibweze, yambani mwachiyesa pa pulasitiki yotsala, osati pa loboti.

## Zofunika kukhala nazo

- Nipa yodulira pulasitiki, yokhala ndi mbali imodzi yosalala. Za Tamiya ndi GodHand zimachokera kunja. Ngati mulibe, tengani nipa yaing'ono ya okonza mafoni ndi mawailesi, koma ikhale yatsopano, yosadulirapo waya. Sizasi ndi chowengera zikhadabo zimatafuna pulasitiki, zisiyeni.
- Kampeni kakuthwa kosintha malezala. Timalezala ta madokotala ta nambala 11 togulitsidwa m'mafamase ena timagwira bwino ntchitoyi.
- Sandipepa ya nambala 600, 1000 ndi 2000. Funsani m'mashopu ogulitsa penti ya galimoto. Kasiponji kosalalitsira zikhadabo ka ku saluni n'kabwino pomalizira.
- Kopanira kosongoka, timitengo ta thonje ta m'makutu, zotokosera m'mano ndi tepi ya pepala.
- Cholembera mizere: Gundam Marker yosongoka, GM01 yakuda kapena GM02 yotuwa. Ikasowa, pensulo yodina ya 0.3 kapena 0.5 mm.
- Mr. Mark Setter ndi Mr. Mark Softer, timadzi tothandiza zomata kugwira ndi kufewa, ngati kiti yanu ili ndi zomata za m'madzi (onani gawo 9). Mungathe popanda izi, koma zimathandiza.
- Vanishi ya zidole za pulasitiki, monga Mr. Top Coat yosungunulidwa ndi madzi.
- Thireyi yokhala ndi mlomo, timbale ting'onoting'ono, ndi nyale yotchaja kuti magetsi akazima musadule mumdima.
- Kiti yotchipa yophunzirirapo, ya gulu losavuta la Entry Grade kapena HG (High Grade) iliyonse.

Chomalizachi musachione ngati kutaya ndalama. Ngati simunamangepo Gunpla, dzanja lanu liphunzire pa kiti imene ikawonongeka simudandaula.

Mawu amodzi kwa amene mukutuma m'bale wochokera ku Johannesburg kapena kwina: chitini cha vanishi yopopera sachilola m'ndege, ngakhale m'chikwama chachikulu, chifukwa chimayaka. Chibwere pamsewu, apo ayi muchite popanda icho. Ngati kiti ikubwera ngati phukusi, sungani lisiti yake poti a MRA angaifune powerengera msonkho.

## Musanang'ambe timatumba

1. Tsimikizani kuti kiti ndi yeniyeni.

Makiti osowa ndi amene achinyengo amakonda kukopera. Yang'anani chizindikiro cha Bandai pabokosi: pamabokosi akale n'chofiira, pa atsopano n'chabuluu cha Bandai Spirits. Kenako onani chimango chimene tizidutswa timabwera titamatirirapo, chimene omanga amachitcha runner. Pa chenicheni pamakhala kachikwangwani kolembedwa dzina la Bandai, chaka, ndi mawu osonyeza kuti chinapangidwa ku Japan. Gunpla amaipangira ku Shizuoka. Pulasitiki yachinyengo imakhala ndi timapiko topyapyala m'mbali mwa tizidutswa, ndipo zilembo zake zimakhala zosaoneka bwino. Bokosi la mtundu umodzi wokha lisakuopseni, poti makiti ambiri a Premium Bandai, sitolo ya pa intaneti ya Bandai, amabwera choncho.

2. Werengani zimango zonse timatumba tili chitsekere.

Kumayambiriro kwa kabuku ka malangizo kuli zithunzi za zimango zonse, chilichonse ndi chilembo chake: A, B1, B2, C ndi kupitirira. Fananizani chimodzichimodzi. Onani ngati kachidutswa kena kanathothoka m'njira n'kumayendayenda m'thumba, ndiponso ngati pepala la zomata lilipo ndipo silinanyowe. Chikasowa china, jambulani ndi foni thumba lisanatsegulidwe, chifukwa wogulitsa amamva msanga akaona kuti simunakhudze kanthu. Tizidutswa tolembedwa X pachithunzi sitigwiritsidwa ntchito, musadabwe tikatsala.

Patsamba lomweli pali chinthu chimene ambiri amachidumpha: mtundu wa pulasitiki wa chimango chilichonse. PS ndi pulasitiki wamba ya kunja. ABS imakonda kukhala m'mafupa a mkati ndi m'mfundo, ndipo imasweka ikakhudzana ndi tinala (mankhwala osungunulira penti) kapena inki yamphamvu. PE ndi timphira tofewa ta m'mfundo, sitigwira penti ngakhale guluu. Lembani papepala zilembo za zimango za ABS, mudzazifuna pa gawo 8.

3. Werengani kabuku konse musanadule.

Ngakhale kakhale ka Chijapani chokhachokha, zithunzi zimakwanira, ndipo timabuku tatsopano tambiri tili ndi Chingerezi pambali. Chizindikiro cha ×2 chikutanthauza kuti mupange ziwiri. Chizindikiro cha ! chikukuuzani kuti muone bwino mbali imene kachidutswa kakuyang'ana. Pezaninso malo amene sitika iyenera kumatidwa kachidutswa kena kasanaphimbe, makamaka maso ndi kamera ya pamutu. Ikani kadontho ka pensulo pamalo amenewo m'kabukumo.

## Kudula

Apa ndi pamene maonekedwe a loboti yonse amapangikira kapena kuwonongekera.

4. Dulani kawiri, osati kamodzi.

Kachidutswa kalikonse kamalumikizidwa ku chimango ndi timakosi ting'onoting'ono. Mukadula mwachindunji pathupi pa kachidutswa, nipa imafinya pulasitiki isanaidule, ndipo kufinyako kumalowa mkati n'kusiya chipsera choyera. Chipsera chotere si dothi loti mupukute, ndi pulasitiki imene yaphwanyika mkati.

Choyamba dulani kutali, musiye kachitsa ka mamilimita 2 kapena 3. Kachidutswa kakachoka pachimango, katembenuzeni kuti muone bwino, mugoneke mbali yosalala ya nipa chakuthupi, n'kudulanso kusiya kachitsa kopyapyala kosakwana theka la milimita. Tsekani nipa pang'onopang'ono. Mukamva kulira kwa "tha!" ndiye kuti mwathyola, simunadule.

Dulani tokhato timene gawo limene mulipo likufuna. Kachidutswa kakachoka pachimango kamasiya nambala yake komweko, ndipo ta mwendo wamanja ndi wamanzere timafanana kwambiri. Musapotokole kachidutswa ndi zala ngakhale katsale pakhosi limodzi lokha.

*Chenjezo:* pali timitu tina tooneka ngati kachitsa koma tili mbali ya kachidutswa, tolowa m'kabowo ka kanzake. Yang'anani chithunzi musanadule chilichonse chotuluka.

5. Chotsani kachitsa kotsala.

Gonekani lezala pafupifupi mofanana ndi thupi la kachidutswa n'kumasenga pang'onopang'ono, kangapo, kuchokera mbali zonse ziwiri. Lezala iziyenda kuchoka kwa inu, chala chisakhale kutsogolo kwake. Kenako matani sandipepa ya 600 pa kamtengo kosalala kuti isapinde ngodya, palani kachitsa kokhako, mubwere ndi 1000, mumalize ndi kasiponji ka zikhadabo. Chipsera chikakhala chochepa, kuchikanda ndi chikhadabo kumachizimiritsa ndithu.

6. Pulasitiki yoonekera mkati ndi yokutidwa imafuna dzanja lina.

Makiti a mgwirizano amakonda pulasitiki yapadera, ndipo ndiyo imavutitsa. Yoonekera mkati ndi yolimba koma yosachedwa kusweka. Mng'alu ukayamba pakhosi umathamangira mkati, ndipo umaoneka mbali zonse chifukwa palibe chouphimba. Siyani kachitsa kotalikirapo, mudule pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, mumalize ndi sandipepa m'malo mwa lezala. Pamene mwapala padzachita chifunga. Kwerani mpaka 2000, kenako pakani kadontho ka mankhwala otsukira mano oyera pa kansalu kofewa n'kupukuta mpaka kuwala kubwerere. Ngati muli ndi nipa ya mpeni umodzi yopyapyala, musadulire nayo makosi onenepa a pulasitiki imeneyi, mpeni wake ungathyoke.

Tizidutswa tokutidwa ndi mtundu wa golide, siliva kapena wonyezimira tisaone sandipepa n'komwe. Mtunduwo uli pamwamba pokha, mukapala mupeza pulasitiki ya mtundu wina pansi. Pa makiti ambiri oterewa Bandai imabisa khosi kunsi kwa kachidutswa kuti chipsera chisaoneke. Zikatero mumadula kawiri ndithu: kuchotsa pachimango, kenako kutembenuza n'kuchotsa kachitsa kamene kali kunsi. Mukakaiwala, tizidutswa sititsekana bwino ndipo mudzayamba kukanikiza ndi mphamvu pachabe. Sambani m'manja musanatigwire, poti mafuta a m'zala amasiya zidindo.

## Kulumikiza

7. Mangani chiwalo chimodzi panthawi, ndipo musakakamize.

Tsatirani kabuku: thupi, mutu, manja, miyendo, chiuno, chikwama cha kumsana, zida. Chiwalo chikatha chiikeni m'kambale kakekake. Musalumikize loboti yonse panopa, chifukwa mizere, zomata ndi vanishi zimayenda bwino ziwalo zili padera.

Tizidutswa ta Bandai timalowana mosavuta. Tikakana pali chifukwa: mwina katembenuka, mwina kachitsa katsala, mwina kamphira ka PE kalowa mokhota. Bwererani pachithunzi. Kanikizani pamwamba penipeni pa timisomali tolowana, osati m'mphepete. Timphira tikhale bwino m'malo mwake musanatseke mbali ziwiri, chifukwa kamphira kotafunidwa kamasiya mpata umene sutsekeka.

Mukafuna kutsegulanso, lowetsani kapulasitiki kopyapyala ngati khadi yakale ya ku banki pamsoko, muzisuntha pang'onopang'ono kuzungulira konse. Mukatsegulira mbali imodzi yokha timisomali timathyoka. Pamene mukudziwa kuti mudzatsegulanso, dulani nsonga ya kamsomali mopendekera musanalowetse, kadzatuluka mosavuta.

Nyanga za pamphumi ndi tinyanga tina topyapyala zisungeni m'kabokosi ka machesi mpaka tsiku lomaliza.

Pa kukula kwa ntchito: RX-78-2 ya sikelo ya 1/144 (HG ndi RG) imatalika pafupifupi masentimita 13, ya 1/100 (MG) pafupifupi 18. HG ili ndi tizidutswa tochepa. MG ndi RG (Real Grade) zili ndi mafupa a mkati, ndipo ta RG n'tating'ono kwambiri moti kena kakagwa pansi simukamva. Gwirirani ntchito m'thireyi, patebulo poyala nsalu yoyera.

## Mizere

8. Detsani timizere tokumbika, koma mosamala.

Pathupi la loboti pali timizere tokumbika tosonyeza pamene malata akumana. Tikadetsedwa, loboti imaoneka ngati makina enieni. Pa pulasitiki yoyera gwiritsani ntchito mtundu wotuwa, pa yabuluu kapena yotuwa wakuda, pa yofiira ndi yachikasu wa khofi. Lembani m'mzere ndi Gundam Marker yosongoka, dikirani pang'ono, mufufute zotulukira kunja ndi labala ya pensulo kapena thonje louma.

*Chenjezo lalikulu:* inki yamadzimadzi yothira, monga Tamiya Panel Line Accent Color, ili ndi tinala wa enamel. Ikalowa m'misoko ya tizidutswa tolumikizidwa kale imakhala m'menemo osauma msanga, n'kufooketsa pulasitiki mpaka kusweka yokha. Pa ABS ndiye zimafulumira. Ngati mukuifuna, ikani kachidutswa kasanalumikizidwe, makamaka pamwamba pa vanishi yowala, ndipo pa zimango zija munalemba pa gawo 2 musaifikitsepo.

Maganizo anga pa kiti ya mgwirizano ndi akuti muchepetse dzanja. Wojambulayo anasankha kale mitundu ndi mizere imene akufuna kuti diso lione. G40 ya Okuyama, mwachitsanzo, kukongola kwake kuli m'mapindikidwe osalala a thupi, ndipo mizere yakuda bii ingaphe zimenezo. Pa pulasitiki yoonekera mkati nthawi zambiri sipafunika mzere uliwonse. Pensulo imapereka mzere wofatsa, siwononga pulasitiki ya mtundu uliwonse, ndipo mukapanda kuukonda mumafufuta.

## Zomata

9. Dziwani mtundu wa zomata zanu, ndipo muyambe ndi zosaoneka.

Pa kiti ya mgwirizano, zomata ndizo siginecha ya wojambula. Dzina la kampani pachishango, timalemba ta paphewa, mizere ya pamwendo: zikawonongeka, loboti imasanduka wamba. Makiti a Ver.Ka, amene Hajime Katoki amawajambula, amadziwika ndi timalemba tambirimbiri totere. Musanadule kalikonse, jambulani pepala lonse ndi foni kuti manambala musawataye.

Pali mitundu itatu.

*Masitika* ndi omata kale. Atoleni ndi nsonga ya lezala kapena kopanira, osati zala. Gonekani ngodya imodzi, onani ngati yalunjika, kenako tsitsani yonse n'kusisita ndi thonje. Kuimatula kawiri kumapha guluu wake.

*Zokanda* zimabwera pa pepala loonekera, lokhala ndi pepala lina loteteza kunsi. Dulani chimodzi, chigwirizeni pamalo ndi tepi ya pepala kuti chisasunthe, mukande pamwamba ndi chotokosera m'mano chobuntha. Kwezani mbali imodzi pang'ono muone. Ngati pena sipanamate, bwezerani mukandenso tepi isanachoke. Izi sizipereka mwayi wachiwiri, choncho malo ake muwatsimikize musanakande.

*Za m'madzi* ndizo zokongola kuposa zonse, ndipo zimafuna kudekha. Chitani motere:

Pukutani pamalopo kuti pasakhale fumbi kapena mafuta. Dulani chomata chimodzi chokha. Chiviikeni m'madzi ofunda pang'ono kwa masekondi pafupifupi 10, muchitulutse, muchigoneke pa tishu kwa masekondi 20 kapena 30. Musachisiye chikuyandama m'mbale, guluu wake amasungunukira m'madzi. Chikhudzeni ndi thonje lonyowa. Chikatsetsereka chokha papepala ndiye kuti chapsa, chikakana dikirani, musachikoke. Ikani kadontho ka madzi kapena ka Mark Setter pa loboti, bweretsani pepala lonse pamalopo, mukankhire chomatacho kuchoka papepala kupita pa pulasitiki. Chikonzeni chikadali chonyowa. Chikalunjika, gubuduzani thonje louma kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti madzi ndi mpweya zituluke. Gubuduzani, musakhule.

Pamalo opindika kapena pamene chomata chadutsa pamzere wokumbika, pakani Mark Softer pang'ono pamwamba. Chomata chidzachita makwinya. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha n'kuchigwira, ndipo chimang'ambika nthawi yomweyo poti chafewa kwambiri. Chisiyeni, chikamauma chimadziwongola chokha.

Kiti ikakhala kuti inakhalitsa m'bokosi zaka zingapo, zomata zake zimatha kuuma n'kumasweka zikangolowa m'madzi. Yesani kaye ndi chimodzi chosafunika kwenikweni, muchimate pa chimango chotsala. Pa loboti yambani ndi kumbuyo kwa miyendo ndi kunsi kwa manja. Pofika pachishango ndi pachifuwa dzanja likhala litazolowera. Malizani mbali imodzi ya chiwalo, iume, kenako mutembenuze, chifukwa chala chimodzi pa chomata chonyowa chimachinyamula osadziwa. Zonse zikatha, zigone usiku wonse.

Simukakamizidwa kumata zonse zimene zili papepala. Zikuluzikulu za wojambula ziikeni pamene iye anaziika. Timalemba ting'onoting'ono tochenjeza mungachepetse.

## Vanishi ndi nyengo ya Blantyre

10. Popani tsiku louma lokha.

Vanishi imateteza zomata za m'madzi kuti zisakandike, ndipo yosawala imachotsa kunyezimira kwa pulasitiki n'kubisa pamene munapala. Koma ndi gawo limene lingawononge ntchito yonse m'mphindi imodzi.

Mdani wake ndi chinyezi. Mpweya ukakhala wonyowa, vanishi yosawala imauma ndi chifunga choyera ngati mwawaza ufa. Kuno izi zikutanthauza kuti m'miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, muzisankha tsiku mosamala kwambiri, ndipo masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi, pamene Soche ndi Ndirande zabisika mu nkhungu, chitini chisatuluke n'komwe. Ngati foni ikuonetsa chinyezi choposa 70 peresenti, dikirani. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi yabwino, bola mupewe mphepo ya fumbi. Mu Okutobala popani m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera vanishi imaumira m'malere isanafike pa loboti, n'kusiya khungu lokhakhala.

Gwirani chiwalo chilichonse ndi kopanira ka mawaya komangirira ku kamtengo ka nsungwi, timitengoto muzitibaya pa katoni. Phimbani ndi tepi ya pepala maso, tizidutswa toonekera mkati, ndi timitu ta mfundo. Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri. Yesani pa chimango cha mtundu womwewo, mudikire chiume, muone. Mukakhutira, imani panja pamthunzi, chitini chitalikire masentimita 20 mpaka 30. Yambani kupopa pambali, mudutse pa chiwalo mwachangu, musiyire kumbali inayo. Kawiri kapena katatu mopepuka, ndi mphindi 15 pakati, n'kwabwino kuposa kamodzi konyowetsa. Vindikirani ndi katoni yoyera kuti fumbi lisagwerepo, ndipo musazigwire mpaka mawa lake. Valani chophimba pamphuno, ndipo pasakhale mbaula pafupi.

*Chenjezo:* vanishi ya galimoto kapena ya matabwa yogula ku hadiweya ili ndi tinala wamphamvu amene angadye pulasitiki ndi zomata. Vanishi yosawala pa pulasitiki yoonekera mkati imaichititsa khungu, ndipo pa golide imapha kunyezimira. Kiti yonse ikakhala yoonekera mkati kapena yokutidwa, ine ndimati isiyeni mmene ilili. Loboti yopanda vanishi yosungidwa bwino imaposa yopopedwa tsiku lolakwika.

## Kuimika ndi kusunga

11. Lumikizani ziwalo, muike nyanga pomaliza.

Gwirani pafupi ndi mfundo polowetsa manja ndi miyendo, muzipotokola pang'ono m'malo mokankha mwamphamvu. Pindani mfundo iliyonse kamodzi mofatsa kuti mudziwe pamene imalekezera. Poimika, tambasulani miyendo pang'ono kuposa mapewa, zala za kumapazi ziyang'ane kunja, chifuwa chitukuke, chibwano chitsike pang'ono.

Dzuwa limasandutsa pulasitiki yoyera kukhala yachikasu, choncho pawindo si malo ake. Kabati ya galasi ndi yabwino chifukwa imatchinga fumbi ndi timanja ta ana, ndipo tizidutswa tating'ono ngati timeneti mwana akhoza kumeza. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa ka zodzoladzola. Bokosi, kabuku ndi zomata zotsala zisungeni pouma, m'thumba la pulasitiki, pamwamba osati pansi, poti mphemvu ndi chiswe zimadya katoni. Pa kiti yosowa bokosi lili ndi mtengo wakewake. Zimango zotsala musataye, mtundu wa pulasitiki umenewo simudzaupezanso.

## Zolakwika zofala ndi kukonza kwake

Guluu wa supa pa pulasitiki yoonekera mkati. Nthunzi yake imasiya chifunga choyera kuzungulira pamene mwamata. Kachidutswa koonekera kakamagwa, kadontho ka guluu woyera wa matabwa n'kokwanira. Amauma moonekera ndipo amamatuka mukafuna.

Kupukuta ndi chochotsera penti ya zikhadabo. Muli acetone, ndipo amasungunula pulasitiki. Spiriti nayenso amachotsa mtundu pa tizidutswa tokutidwa. Madzi ndi kadontho ka sopo wa mbale zimachotsa zambiri.

Kamsomali kothyoka. Kumata kokha sikugwira pamalo onyamula katundu. Boolani kabowo ka milimita imodzi mbali zonse ziwiri ndi kaboolera ka pamanja, lowetsani kachidutswa ka waya wopanira mapepala, mumate. Pa PS gwiritsani ntchito Tamiya Extra Thin Cement, amene amasungunula mbali ziwirizo n'kuzisandutsa chimodzi, ndipo mudikire tsiku lathunthu. Pa ABS pamafunika guluu wa ABS kapena wa supa.

Dzenje pamene lezala inalowa kwambiri. Dulani tizidutswa ting'onoting'ono ta chimango cha mtundu womwewo, tisungunuleni ndi madontho a simenti ya pulasitiki ija mpaka tikhale phala, muike padzenjepo ndi chotokosera m'mano. Pakatha masiku awiri palani. Mtundu umafanana chifukwa pulasitiki ndi yomweyo.

Mfundo yolobodoka. Tulutsani kamutu kake, pakani guluu wa supa wopyapyala kwambiri, mudikire aume gwa musanabwezere. Mukabwezera akadali wonyowa, mfundoyo siidzapindikanso.

Chomata chonyezimira ngati siliva m'mphepete. Mpweya unatsekeredwa kunsi, kawirikawiri chifukwa chinamatidwa pamalo okhakhala. Bayani timabowo ndi nsonga ya singano, ikani kadontho ka Mark Setter kuti kalowe, mugubuduze thonje. Chitani izi vanishi isanapite pamwamba.

Vanishi yachita chifunga. Musathamangire kupala. Dikirani iume, ndipo tsiku louma popani vanishi yowala mopepuka pamwamba pake. Nthawi zambiri chifungacho chimachepa kapena kutha, kenako mungabwezere yosawala.

Kachidutswa kosowa. Musasese. Zimitsani nyale ya m'chipinda, gonekani tochi ya foni pansi kuti kuwala kuyende mopingasa, ndipo kachidutswako kadzaonetsa mthunzi wake. Yang'ananinso m'mapindo a zovala zanu, m'silipasi, ndi m'mulu wa tizitsa timene mwadula musanakataye.